Njiri za Kumapiri m'Chigwa cha Mlenje

Padangokhala, ana inu, dziko lina loti simungalifike ngakhale mutayenda mpaka zidendene kung'aluka. Kumpoto kwake kudali chigwa cha Mlenje, chosalala ngati lichero, chopanda ndi kamtunda komwe kupatula zulu za chiswe zazitali kuposa nkhokwe.

Chaka china njala idasamutsa Gwirize, njiri ya kumapiri, pamodzi ndi mkazi wake Nachanza ndi tiana tawo titatu. Ku Mlenje adapeza mauna aakulu opanda eni, ndipo nyika, zakudya zam'madzi zija, zidali mbwee m'fumbi.

"Mwayi sudziwika, amayi," adatero Gwirize, m'kamwa muli tho.

"Koma bambo, nyika zimamera m'madzi. Zikutani pouma chonchi?"

"Idyani. Mlendo wofunsafunsa amachititsa manyazi."

Nachanza mtima wake sunkagona ukaona chachilendo, ndipo ine ndimamukondera pomwepo. M'mawa adatuluka, naona mitengo itaima pamizu yake ngati munthu wokwinya nsalu powoloka.

"Zikomo agogo Mtengo, mwakwezeranji miyendo?"

"Ndidamera choncho, mwanawe. Kafunse Nkhanga."

Nkhanga adamupeza akuikira mazira pansonga pa chulu.

"Zikomo achemwali, kwathu nkhanga zimaikira m'udzu. Inu mwakwereranji?"

"Amayi anga ankaikira pano. Kafunseni Mlamba."

Mlamba adamupeza ali m'tulo m'kati mwa dongo louma gwa, ndevu zokha zili kunja.

"Zikomo achimwene, nsomba ikutani pamtunda?"

Mlamba adayasamula. "Ndikudikira mtsinje. Wathu kuno sukhala malo amodzi ngati wakwanu. Umagona kutali kuseri kwa dziko, ukadzuka umabwera wokha kudzadzaza chigwa chonse, kumwamba kuli ngwee, popanda ndi kamtambo. Mukamva udzu ukuimba likhweru, kwerani chulu."

Nachanza adathamanga kukauza mwamuna wake. Gwirize adaseka mpaka kugubuduka.

"Madzi opanda mvula? Mboni yake nsomba yogona m'dothi? Onsewa akukwera poopa mkango. Kwathu choopsa chikabwera timalowa pansi." Atatero adakumba una kuti uzame, naika ana kumapeto kwenikweni.

Sipadapite nthawi. Tsiku lina dzuwa lili paliwombo, mphepo kulibe, udzu wonse udayamba: fyoo, fyoo, fyoo.

Nachanza adachita mantha kwambiri. "Bambo, tulutsani ana."

"Ana anga agona muno."

"Mudzandinene mwano mawa. Lero ana ndatenga."

Adadzipanikiza pambali pa mwamuna wake, natulutsa woyamba, nakamusiya pachulu. Adabwerera, natenga wachiwiri. Potuluka ndi wachitatu, mapazi ake adaponda ponyowa. Madzi ankabwera mwakachetechete, akukwawa pansi pa udzu, ndipo pofika pachulu adali atamufika m'mimba.

Gwirize adadziwa zoona madzi atamulowa m'mphuno. Adatuluka, nayamba liwiro, koma madzi adamupitirira msana, kenako makutu. Chidatsala pamwamba ndi mchira wokha, uli njo. Nachanza adauona ukudutsa pafupi ndi chulu, nauluma, nakoka ndi mphamvu zake zonse. Mano ake adapulula ubweya wonse, kutsala kangayaye kunsonga.

Gwirize adakhala pachulu akutsokomola, ana ake ali pambali pa mazira a Nkhanga. Chigwa chonse chidali chitasanduka nyanja, mitengo ikuima bwinobwino pamiyendo yake, Mlamba akusambira monyadira. Patapita nthawi Gwirize adalankhula chapansipansi.

"Amayi, kodi madziwa amaphwa liti?"

"Kafunseni Mlamba," adatero Nachanza.

Mpaka lero njiri ikamathawa imaimika mchira wake wopanda ubweyawo, kuti mwina wina auone.

Yanga yathera pachulu pomwepo. Ana inu, nzeru zakwanu zimathera m'malire akwanu, mukafika kwa eni funsani, paja safunsa adadya phula.