Chitseko cha Galaja ya Che Imedi

Swala ya Alasiri, pemphero la chakumadzulo, itatha, Che Imedi anafika kwa Shehe Likwemba atavala mkanjo wosita bwino, makiyi akulira jegejege m'manja. Anawapeza Shehe pakhonde akumata chubu cha njinga yawo, beseni la madzi lili pakati pa miyendo. Anapatsana salamu, nafunsana za kunyumba mpaka mafunso anatha.

Che Imedi anali munthu wodziwika mu Liwonde. Anagwira ntchito ku Joni zaka khumi ndi zitatu, ndipo pobwera anamanga nyumba yokhala ndi galaja ya chitseko chamagetsi, chija chimakwera chokha ukadina limoti. Masiku oyambirira ankachitsegula ndi kuchitseka ngakhale alibe kopita, malinga pamsewu pakudutsa anthu. Koma malonda awo a simenti anagwa, ndipo chaka chathachi galimoto anaigulitsa mwakachetechete kwa munthu wa ku Zomba. Chitseko chinakhala chotseka kuyambira tsiku limenelo. Akafunsidwa ankati galimoto aiimika chifukwa mafuta akwera, komanso adokotala anawauza kuti azilimbitsa thupi. Ankanena zimenezi ali khale pa kabaza, thukuta likutuluka mwa wopalasa.

Ndiye sabata yapitayo magetsi atabwera mwamphamvu, chitseko chinadzuka chokha, chinakwera kufika m'mawondo, mota n'kupsa. Che Imedi anachikanikiza ndi mtengo, chinapindika n'kukakamira pomwepo. Poona kuti aliyense wowerama aona kuti m'katimo mulibe kanthu, anakatola matayala awiri akale n'kuwaimika kuseri kwa mpatawo, kuti odutsa aziti galimoto ilimo.

Zimenezi sanawauze Shehe. Anangoti chitseko chawonongeka, ndipo akatswiri a ku Limbe anena kuti chatsopano, kuphatikizapo mota, limoti, mayendedwe ndi kuika, chikwana mamiliyoni awiri. Mtengowo anautchula mokweza pang'ono, kuti amayi ena amene ankapeta mpunga kuseri kwa mpanda aumve. Wowotcherera wa pamsika anali atanena kuti akhoza kupanga cha malata chotsegula ndi manja pa mtengo wochepa kwambiri, koma Che Imedi anati iwo si munthu wotsegula galaja ngati khola la mbuzi.

Vuto linali pa ndalama. Zimene anali nazo zinali zosungira mayi awo, Abiti Mdoka, amene maso onse awiri anachita ng'ala, moti tsopano ankazindikira anthu ndi mawu okha. Tsiku la opaleshoni ku Blantyre linali litaikidwa kale, ndipo adokotala anachenjeza kuti diso lakumanzere lisadikirenso. Che Imedi mayi awo ankawakonda, zimenezo n'zoona. Koma manyazi ankawaopa kuposa imfa, ndipo anabwera kudzafuna munthu wophunzira woti awauze kuti zimene aganiza kale n'zololedwa.

"Shehe, inu mumatiphunzitsa kuti chuma ndi mphatso imene Allah anatisungitsa, ndipo Msilamu ayenera kuchiteteza," anatero Che Imedi. "Amayi apirira zaka ziwiri, akhoza kupirira mpaka chaka chamawa. Koma akuba sadikira. Kodi ndilakwa ndikayamba ndi chitseko?"

Shehe anamiza chubu m'madzi, nayang'ana ngati patuluke thovu. Anali munthu wosafulumira kuyankha, ndipo anthu odzikuza ankavutika naye chifukwa ankawapatsa ulemu wochuluka mpaka kusowa pogwira. Anati funsolo ndi labwino, ndipo n'zoona kuti chuma chiyenera kutetezedwa. Anangopempha kuti, popeza iwo ndi munthu wa njinga wosadziwa za magalaja, Che Imedi awathandize kumvetsa chimene chili m'katimo, pakuti loko amayezedwa ndi chimene akutsekera.

"Galimoto, Shehe," anayankha Che Imedi, akugwedeza makiyi.

"Yasiliva ija? Ya chitseko chakumbuyo chosatseguka ukakhala m'kati?"

Che Imedi anavomera modabwa. Shehe anali asanakwerepo galimoto imeneyo, chifukwa mwini wake sankanyamula anthu a fumbi kumapazi.

"Alihamudulillahi, tithokoze Mulungu, ikuyenda bwino," anatero Shehe, akupukuta chubu ndi kansanza. "Ndinaikwera Lolemba pochokera ku maliro ku Ntaja. Tinalimo anthu asanu ndi anayi, ndi nkhuku. Amene anaigula ku Zomba anaigulitsanso kwa mwana wa Che Mussa, ndiye ikunyamula anthu msewu umenewu kuyambira mwezi wa Ramadani. Pagalasi lakumbuyo pakadali mawu munalembetsa aja akuti ‘Masha Allah, Che Imedi Wabwera.’ Ikafika pa siteji, oitanira amakuwa kuti Che Imedi wabwera, kwatsala malo a munthu mmodzi."

Kuseri kwa mpanda lichero linasiya kulira. Che Imedi anaika makiyi m'thumba pang'onopang'ono. Anakumbukira mmene anthu akhala akuwafunsira za galimoto chaka chonse, mwaulemu, nkhope zili zowongoka, ena mpaka kuwadandaulira za kukwera kwa mafuta. Anayesa kunena kuti komabe m'galajamo muli katundu wina wofunika.

Shehe anavomera kuti alimo, matayala awiri. Anati iwo sadziwa zambiri za magalimoto, koma anthu odutsa akuti limodzi ndi la lole, ndipo mwina Che Imedi angachite bwino kulisintha kuti afanane. Ananena zimenezi mofatsa, ngati akulangiza za mbewu.

Kenako Che Imedi anafunsa, mawu atatsika, chifukwa chake panalibe ndi mmodzi yemwe amene anawauza. Shehe anati anthu anawabisira chifukwa chowakonda, pakuti kubisa manyazi a m'bale ndi ntchito yabwino, ndipo iwonso akanapitiriza kukhala chete mpaka kumanda zikanakhala kuti bodzalo likungodya mwini wake. Koma tsopano linali litayamba kudya maso a munthu wina.

"Nanga ndichite chiyani, Shehe?"

Shehe anaika chubu pambali, nasamba m'manja, nawayang'ana koyamba m'maso.

"Che Imedi, mukufuna kulipira mamiliyoni awiri kuti mutsekere anthu chinthu chimene anachiona kale. Mu Liwonde monse muno watsala munthu mmodzi yekha amene sanaone kuti m'galaja mwanu mulibe galimoto, ndiye Abiti Mdoka. Apititseni ku Blantyre tsiku limene adokotala ananena, akawatsegule maso adzaone okha. Ndikukutsimikizirani, mwa onse amene aone, ndi iwo okha amene sadzakusekani."