Msamuko wa Katumbu

Kalekale, nyama zikadayankhulana ngati ife, Katumbu ankakhala m'mphepete mwa thamanda lalikulu, mu una umene anakumba agogo ake. Chambo m'thamandamo chinali mbwee. Lamulo linalipo limodzi lokha: mvula ikagwa, chambo chikafungatira ana ake m'kamwa, aliyense asachikhudze.

Chaka china Katumbu anapeza Vuwo, mbalame ya thumba pakhosi ija, akumeza chambo ndi ana ake omwe.

"Achimwene, si nyengo yoletsedwa ino?"

"N'zoona," anatero Vuwo, "koma ndikachisiya ine, achidya a Ng'azi."

Katumbu anathamangira kwa Ng'azi. Anamupeza atatupa masaya.

"Ndikachisiya ine, achidya a Vuwo," anatero Ng'azi.

Katumbu anabwerera kwawo mtima ukuwawa.

"Ndiye opusa tikhale ife tokha?" mkazi wake anamufunsa.

Katumbu anali mlenje woposa onsewo, tsono atalowa m'madzi zinthu zinafulumira. Chambo chachikulu chinatha. Analuka ukonde wa maso ang'onoang'ono, nayamba kukokolola kasawala, tiana ta chambo. Akagwira kena kochepa ngati chikhadabo ankakayang'ana, manyazi n'kumugwira, kenako n'kunena kuti, "Ndikakasiya ine, akadya a Vuwo."

Tsiku lina ukonde unangobwera ndi matope. Mawa lake matope. Ana a Katumbu anayamba kuoneka nthiti.

"Akuti kuseri kwa phiri kuli thamanda la nsomba zosatha," anatero mkazi uja. "Tiyeni, ana angatifere."

Katumbu anatseka una wa agogo ake ndi mwala, misozi ili chuchuchu. Anasenza ukonde, ulendo unayambika.

Pamwamba pa phiri anakumana ndi Kakowa ndi banja lake, nawonso akatundu ali pamutu, ana ali wefuwefu.

"Ulendo wa kuti, abale?" anafunsa Katumbu.

"Wa kwanu komweko. Tamva kuti chambo chake n'chongotola ndi manja."

"Nanga kwanu, kuseriku?"

"Kwangotsala achule. Ine ndinkafuna kuleka, komatu ndikasiya ine..."

"Adya anzanu," anamalizitsa Katumbu.

Onse anatula akatundu pansi. Kamwana ka Katumbu kanayang'ana kumene achokera, kanayang'ana kumene amapita.

"Ababa, ndiye titsikire mbali iti?"

Katumbu anangoyang'ana ukonde wake.

Nthano yathera pomwepa, ana inu: aliyense akamadya mbewu poopa kuti adya mnzake, mudzi wonse umasamuka, ndipo kosamukira kumasowa.