Chisa cha Uchi M'kamwa mwa Kadzuwa

Padangokhala. Inu vomerani kuti tili tonse.

Kalekale, nyama zikadalankhula, kunali Chiuli wina wamkazi amene ankakhala ku una wake kuseri kwa chulu. Alendo sankafikako. Mukuudziwa mtima wa chiuli, suchedwa kupsa, ndiye nyama zinkalambalala njira yake. Mwamuna wake anatsata mbalame yolondolera uchi tsiku lina, osabwereranso. Chiuli anangotsala ndi kamwana kamodzi, Kadzuwa, kongoyamba kumene kuyenda ndi kulankhula.

Kamwanako ndiko kanali mudzi wake wonse. Kakati "Amama!" Chiuli ankamva ngati kwabwera alendo. Kakalira ankachita mantha, poopa kuti nakonso kamuda. Ndiye kakalira m'mawa, chisa cha uchi. Kakalira masana, chisa cha uchi. Pogona kankagona chisa chili m'kamwa, kakuyamwa mpaka tulo. Paja amati mwana akalirira nyanga ya nsatsi msemere. Chiuli ankasema ndithu, osatopa.

Zinayamba ndi timadontho toyera pamano, m'mbali mwa nkhama. Timadontho tija tinada. Kenaka mano anabooka, tsaya n'kutupa. Kadzuwa analeka kudya. Analeka kuseka. Mapeto ake analeka kulankhula, poti kutsegula pakamwa kunkawawa. Mu una munangoti zii, ndipo Chiuli anasungulumwa kuposa tsiku limene mwamuna wake anasowa.

Anabereka mwana, ulendo wa kwa Fisi.

"A Fisi, inu mumaphwanya mafupa. Taonani mano a mwana wangayu."

Fisi anasuzumira ali chapatali, n'kuseka. "Amenewa? Si mano aubwana awa? Adzagwa okha, ena n'kumera. Musandichedwetse, mayi."

"Nanga kuwawaku?" anafunsa Chiuli. Koma Fisi anali atapita.

Anabereka mwana, ulendo wa kwa Nyani.

"A Nyani, inu mumaluma chimanga chouma. Taonani mano a mwana wangayu."

"Muli mbozi m'dzinomo," anatero Nyani ali mumtengo. "Mufukizeni utsi, ituluka yokha."

Chiuli anafukiza. Mwana anatsokomola mpaka maso kufiira, mbozi osatuluka. Chiuli atabwerera kukafunsanso, anapeza anyani onse asamuka.

Anabereka mwana, ulendo wa kumtsinje. Pamchenga panagona Ng'ona wokalamba, yekhayekha, mano ali mbee.

"Agogo, taonani mano a mwana wangayu."

"Sendera pafupi, mwana wanga. Chaka chino palibe wandifunsapo kanthu, onse amangothawa."

Ng'ona anayang'ana m'kamwa mwa Kadzuwa nthawi yaitali. "Amagona ali ndi chiyani m'kamwa?"

Chiuli anawerama. "Uchi."

"Chifukwa?"

"Amalira, agogo. Ndilibe wina. Akandida ndizilankhula ndi yani?"

Ng'ona sanamudzudzule. Anaitana kambalame kamene kankamutokosa m'mano, ndipo kanazula dzino limene linavunda kwambiri ndi mlomo wake, kwinaku Chiuli atafungatira mwana.

"Otsalawa angapulumuke," anatero Ng'ona. "Mano aubwana ndiwo amasungira malo mano aakulu, usawapeputse. Thyola kamtengo, utafune nsonga yake ikhale mswachi. M'mawa ndi pogona uzimutsuka iwe mwini, manja ake sanakhwime. Uchi azidya pang'ono, masana, pamodzi ndi chakudya. Pogona madzi basi. Adzalira. Musiye alire iwe uli pomwepo."

Tsaya linaphwa. Atabwerera ku una, dzuwa litalowa, Chiuli anamutsuka mwana mano n'kumupatsa madzi. Kadzuwa anakankha madziwo, n'kutambasula dzanja kuloza pamene pankakhala uchi. Chiuli anapukusa mutu. Mwana analira, anagubuduka, anaponda pansi. Chisa chinalipo, pafupi pomwepo, ndipo dzanja la Chiuli linkafuna kuchitenga. Analikhalira dzanjalo.

Kenaka Kadzuwa analankhula, koyamba chitupireni tsaya.

"Amama oipa! Sindikufunani!"

Mawuwo anamulasa Chiuli mumtima, misozi n'kutsika. Ndiwo mawu amene ankawaopa masiku onse. Koma anali mawu, ndipo anadzaza una wonse.

"Nenanso, mwana wanga," anatero. "Ndikumva."

Kadzuwa ananenanso, nanenanso, mpaka anatopa. Anakwawira pamiyendo pa mayi oipawo, n'kugona m'kamwa muli mbee.

Mwamva, inu olera ana? Chotsekemera chimatonthoza mwana lero, mawa n'kumudya mano. Mutsukeni m'mawa ndi pogona, ndipo asagone ndi zotsekemera m'kamwa. Akakudani chifukwa cha zimenezo, pirirani, mkwiyo wa mwana sugona.

Nthano yanga yathera pomwepa. Kaphuleni mbatata ija isapserere, koma mukadya mukatsuke m'kamwa.