Mpando wa Anangondo ndi Kalumo ka Mlendo

Inu ana, chotsani mapazi pampandopo. Mukuuona wakuda, waufupi, ndiye mukuyesa nkhuni? Aphunzitsi anu amati mwambi wa mlendo ndi kalumo unachokera kwa makolo akalekale. Iwowo analipo? Ine sukulu ndinalekera Sitandade 2, koma mwambi umenewo ndinaumva ukubadwa pakhomo pathu ku Linthipe, ndipo mboni yake ndi mpando umenewu.

Agogo anu aamuna, a Kadzamira, anali kalipentala womveka. Zitseko za tchalitchi, mabedi, mabokosi a maliro, zonsezo manja awo. Kwathu anabwera ngati mkamwini, ndipo ulemu anali nawo wosefukira. Akaona amayi anga, Anangondo, akubwera panjira, ankapatukira m'chimanga. Kudyera pamodzi ayi, kuyang'anana m'maso ayi.

Ndiye amayi anakalamba, mawondo nkuuma. Akakhala pamphasa, podzuka mpaka anthu awiri awakoke ngati thumba la chimanga. Munthu amene ankatsogolera chimtali mudzi wonse! Manyazi anawagwira, nkungodzitsekera m'nyumba. Chinkhoswe cha mwana wanga Felesiya chitayandikira, anati, "Ine sindituluka. Akuchimuna adzandione ndikukokedwa? Mudzangondiuza mmene chayendera." Felesiya analira, poti anamulera ndi iwowo.

A Kadzamira anawakhomera mpando. Eee, mpando wake! Wautali, wopaka vanishi, ngati wa bishopu. Amayi atakhalapo, miyendo inali lendelende ngati mwana pakaliyala wa njinga, msomali nkuwang'ambiranso chitenje. Anakhoma wachiwiri, chimodzimodzi. Nanga akanatani? Munthu amene sanayang'anepo miyendo ya apongozi ake angadziwe bwanji kutalika kwake?

Nthawi imeneyo tinkasunga mlendo m'nyumba yakuseri, mphunzitsi wa masamu wochokera ku Japan. Dzina lake Noboru, ife tinkati Anoboru. Bambo awo kwawoko anali mmisiri wa matabwa, ndipo pobwera kuno anawapatsa sowo ndi puleni yopalira matabwa atazikulunga pansalu. Sowo yakeyo inkadula pokoka, osati pokankha. A Kadzamira anaseka mpaka kutsokomola.

"Achimwene, kwanuko zonse mumachita chobwerera m'mbuyo? Ndi njinga yomwe?"

Anoboru anangomwetulira. Ananola kachitsulo ka puleni pamwala ndi madzi, nkumeta nako ubweya wapamkono pawo. Kenako anapala thabwa la mlombwa, zopalazo zikutuluka zopyapyala moti dzuwa umaliona kuseri kwake. Kuseka kunathera pomwepo.

Atayang'ana mipando iwiri ija, Anoboru anafunsa, "Iyi ndi ya ndani?"

"Ya apongozi," anatero a Kadzamira.

"Munawayeza?"

"Kuwayeza? Apongozi? Mukufuna andithamangitse pamudzi pano?"

"Kwathu mpando umayambira pa munthu," anatero Anoboru ndi Chichewa chawo chothyokathyoka. "Thabwa limabwera pambuyo."

Apa ndinalowererapo ine, poti amuna awiriwo akanangoyang'anana mpaka mvula kugwa. Ndinathyola bango nkulowa nalo kwa amayi. Ndinayeza kuchokera pachidendene kufika pabondo, nkudula. Lina kuchokera pachiuno kufika pachigongono.

"Iwe, ukundiyeza bokosi ndili moyo?"

"Bokosi lidikire, amayi. Mukavine kaye."

Mabango awiriwo ndinawapereka kwa a Kadzamira. Anawalandira ndi manja awiri, ngati akuwapatsa ndi apongozi enieniwo.

Anoboru anawaonetsa kalumikizidwe kopanda msomali: boola apa, sema apo, thabwa lilowe mwa linzake nkulumana. Koma mvetsetsani, musadzanamize anthu. Wopanga anali agogo anu. Anoboru masana ankakhala kusukulu. Agogo anu ndiwo anaganiza zotalikitsa mikono ya mpando kutsogolo kuti amayi azitsamirapo podzuka. Ndiwonso anakulitsa pokhalira, poti mzimayi wakuno amavala zitenje ziwiri, ndipo zimenezo ku Japan sakanazidziwa.

Tsiku la chinkhoswe, mpando tinauika pansi pa mtengo wa mango. Amayi anatuluka ndi ndodo, nkhope ili gwa, nkukhalapo. Mapazi onse awiri anaponda dothi. Anasisita mkono wa mpando kufunafuna chobaya choti adandaule nacho, osachipeza. Ankhoswe analankhula, tambala ndi thadzi zinasinthanidwa. Ng'oma itangolira, ine ndi mng'ono wanga tinasendera kuti tiwakoke monga mwa masiku onse. Anatikankha. Anagwira mikono ya mpando ija, nyamu! Okha, popanda dzanja la munthu.

Nthungululu zake zinamveka mpaka kumsika. Amayi anavina pamaso pa akuchimuna onse, Felesiya akuwafupa uku akulira. A Kadzamira ankaonerera atabisala kuseri kwa nkhokwe, akumati fumbi lawalowa m'maso. Fumbi lanji?

Atakhalanso pampando wawo, amayi anandiitana, koma mokweza kuti kuseri kwa nkhokwe kumveke. "Kamuuze mkamwini wangayo kuti manja ali nawo. Ndipo mlendo uja asamamuseke. Mlendo ndiye amadza ndi kalumo kakuthwa."

Akuchimuna anawatola mawuwo nkupita nawo kwawo ku Salima, ndipo lero aliyense akuwanena ngati ndi a agogo ake.

Tanthauzo lake ndi ili. Wobwera amaona chimene eni mudzi tachizolowera mpaka kuleka kuchiona. Tonsefe tinkadziwa kuti mkamwini sayandikira apongozi, koma panalibe anaganiza kuti nchifukwa chake mipando inkatalika. Choncho mlendo akalankhula, musathamangire kuseka, mverani kaye. Komanso kalumo sikameta kokha, kamafuna dzanja, ndipo dzanjalo linali la pakhomo pano.

Amayi anapita, agogo anu anapita, Anoboru anabwerera kwawo. Mpandowu sunagwedezekepo ngakhale mwendo umodzi. Yanu yapulasitiki ija mwathyola ingati chaka chino chokha? Ndati chotsani mapazi.