Telala ndi Galu wa Aphunzitsi Ake

Telala wina ankasokera pakhonde la nyumba yake, makina atayang'ana kumpanda. Mpandawo unali wa waya, ndipo pansi pake, pafupi ndi mpopi wa madzi, panali mpata woti mphika waung'ono n'kudutsa. Kuseri kwake kunkakhala mkulu wina wopuma pantchito, yemwe zaka makumi atatu zapitazo anamuphunzitsa telalayo masamu. Anthu amamera ndevu, koma alipo ena amene mtima wawo umatsalira pa benchi la kusukulu. Mkuluyo akangotsokomola kuseriko, telala ankachotsa phazi pamakina n'kuimirira manja ali kumbuyo, chonsecho anali bambo wa mwana, imvi zitayamba kale kumusuzumira m'mutu.

Akazi awo atamwalira, aphunzitsiwo anapeza galu woti aziwachotsa kusungulumwa. Kanabwera kali kagalu kokwana m'chipewa, koma pasanathe chaka chinali chigalu cha mutu ngati chidebe. Chinkauwa kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka. Amayi obwera kudzayesa madiresi ankaitanira kumsewu, ena n'kubwerera osayesa. Komabe chimene chinkamudya mumtima mkazi wa telala silinali phokoso ayi. Anali mwana wawo wamkazi wa zaka zisanu, yemwe ankamutcha Kambalame chifukwa chokonda kuimba, amene ankachapa zidole zake pampopi paja tsiku ndi tsiku. Mwanayo akangogwada pamenepo, galu ankasiya kuuwa. Ankalowetsa mphuno pampata n'kumamuyang'anitsitsa ali phee. Mayiyo anakulira pakhomo poweta agalu, ndipo ankadziwa kuti galu wouwa ali bwino kusiyana ndi wongoyang'ana.

Anapempha mwamuna wake kuti akalankhule ndi aphunzitsi amange galuyo. Telala anati mawa. Mawalo litafika anati mkuluyo akadali pachisoni, si bwino kumuwonjezera katundu. Atauzidwa kuti ndiye angotseka yekha mpatawo ndi thabwa, anati zioneka ngati mwano, ngati akuwauza akuluakulu kuti akulephera kusamala pakhomo pawo. Mkaziyo atati basi apita yekha, telala anamukalipira ndi ukali umene sankauonetsa kwa munthu wina aliyense. Ofatsa a kunja ambiri ndi otero, mano awo amaonekera m'nyumba.

Chowawa n'chakuti mwayi unabwera wokha, woyenda ndi miyendo. Loweruka lina aphunzitsi anabweretsa thalauza loti alifupikitse. Nthawi imeneyo n'kuti galu akulimbana ndi waya ndi mano. Mkuluyo anatembenukira kumpandako, kenako anayang'ana telala pamwamba pa magalasi, monga ankachitira kale.

"Kodi galu wangayu sakukusowetsani mtendere, mwana wanga?"

Mkazi anali kuseri kwa chitseko, atatchera khutu. Mawu telala anali nawo, anali atawakonza kwa milungu itatu, ndipo anafika mpaka pakhosi. Koma m'makutu mwake funsolo linamveka ngati lija la m'kalasi lakuti "tamvana?", limene yankho lake limakhala limodzi basi, kaya wamva kaya sunamve.

"Ayi, aphunzitsi, palibe vuto. Ndiye akutilondera tonse ameneyu."

Mkuluyo anamasuka nkhope. Anati anali ataganiza zogula unyolo, koma ngati zili choncho, ndi bwino nyamayo iziyenda momasuka, poti nayonso kumangidwa sikuikonda. Telala anavomereza ndi mutu, anaseka nawo, n'kuwaperekeza mpaka pachipata. Mkazi wake anatha masiku awiri osamulankhula, ndipo kuyambira pamenepo ankamuletsa mwana kupita kumpopi. Koma mwana wa zaka zisanu sungamumange pamwendo.

Lachitatu lotsatira, mvula itagwa dzulo lake, nthaka ya pansi pa mpanda inali yofewa. Mayi anali atapita kumsika, atamusiyira mwamuna wake mwana ndi chenjezo lomwe lija. Telala anali pa zipi ya siketi imene mwiniwake ankaifuna madzulo omwewo. Chimene chinamuimitsa phazi sikunali kukuwa, koma kuti nyimbo ya mwana inadukira pakati. Atadzutsa mutu anaona dothi lofukulidwa, ndi msana wa galu uli mbali ya kuno kwa mpanda. Anathamanga ndi simbi yositira m'manja. Anamenya kamodzi, kawiri, kachitatu galu n'kusiya. Tsaya la Kambalame linali litang'ambika kuchokera pansi pa diso mpaka pamlomo.

Kuchipatala anamuuza kuti agwire mutu wa mwanayo pamene dokotala ankasoka. Munthu amene moyo wake wonse wakhala akulumikiza nsalu anaona singano ikulowa ndi kutuluka m'thupi la mwana wake. Dokotalayo anali waluso, telala anaona yekha. Koma anadziwanso, monga adziwira mmisiri, kuti msoko wotero subisika.

Aphunzitsi anafika ali wefuwefu, malaya atamangidwa mabatani mosemphana. Pa benchi la pakhonde la chipatala anafotokoza kuti galuyo amutenga kale a zaziweto ndipo sabweranso. Sanadziteteze, sanatchule kuti mwana ankafunanji kumpanda. Anangoyang'ana telala, misozi ili m'maso.

"Ndinakufunsa, mwana wanga. Ndinabwera ndekha kudzakufunsa. Unandibisiranji?"

Anayankha ndi mkazi wa telala, yemwe anali atangofika kuchokera kumsika, ndipo sanakweze mawu.

"Amakulemekezani kwambiri, aphunzitsi. Ulemu wake ndi umene uli pankhope ya mwana wangawo."

Bala linapola, chipsera chinatsala. Aphunzitsi anakalamba kawiri m'chaka chimodzi, ndipo ankazungulira njira yakutali kuti asakumane ndi mwanayo. Anthu oyandikana nawo ankamupepesa telala, n'kumatukwana mkuluyo kuti anaweta chilombo pakati pa anthu, ndipo telala ankangowerama, podziwa kuti theka la matukwanowo linali lake.

Kambalame atayamba sukulu, anzake sanachedwe kumupatsa dzina lina lochokera pa tsaya lakelo. Tsiku lina anabwera osadya chakudya chimene anamunyamulira, anakhala pampando wa makasitomala, n'kumayang'ana bambo ake akudula nsalu. Anafunsa mosakwiya, monga afunsira ana zinthu zimene akhala akuzitafuna okha nthawi yaitali.

"Ababa, inu munkadziwa kuti galu uja akhoza kundiluma?"

Akanatha kunena kuti ayi, ndipo mwanayo akanakhulupirira. Koma anali atatopa ndi mayankho okoma.

"Ndinkadziwa, mwana wanga."

Mwanayo anagwedeza mutu, anatsika pampando, n'kupita kukakhala ndi mayi ake kukhitchini. Telala anatsala ndi sizasi m'manja, nsalu itadulidwa theka. Mawu amene anakana kutuluka tsiku lija aphunzitsi anabweretsa thalauza anali ochepa kwambiri, oti munthu n'kuwanena asanameze malovu. Akuluakulu sananame: mbewa ya manyazi inafera kuuna.