Tsiku Limene a Simbi Anachapa Dziwe

Kuseri kwa nyumba ya a Simbi, pakati pa chingwe choyanikira zovala ndi mpanda wa njerwa, kunali dziwe. Silinali lalikulu, munthu akanatha kulizungulira asanamalize kupereka moni. Munkakhala nsomba zotchedwa koi, zija zamawangamawanga, zofiira, zoyera ndi zachikasu, zoweta kuti adye ndi maso osati mimba. Alendo sankalephera kufunsa kuti zidzakazingidwa liti, ndipo mayi a panyumbapo ankangoseka n'kuwapatsa mpando.

Dziwelo linali la mayiwo. Analikumbitsa mwana wawo womaliza atakwatiwa, nyumba itangoti zii. Nsombazo anazigula zili ngati chala, n'kuzilera mpaka zina kufika kutalika kwa mkono. Yaikulu kuposa zonse, yoyera yokhala ndi banga lofiira pamutu, anaitcha Apongozi, chifukwa inkabwera mochedwa, mosathamanga, koma n'kuyamba ndiyo kudya.

Amuna awo dzina loti a Simbi analitengera kuntchito. Anakalambira m'shopu yochapa ndi kusita zovala, ndipo diso lawo linkaona banga pa kolala ya munthu ali kutsidya kwa msewu. Atapuma ntchito sanapumitse simbi. Ankasita ngakhale nsalu zopukutira mbale. Anali munthu wofatsa, wosadziwa kukalipa, koma litsiro ankadana nalo kuchokera pansi pa mtima. M'banjamo mkangano unali umodzi wokha, ndipo unkachokera mu mgolo wabuluu umene unali pambali pa dziwe. Mgolowo unali sefa: pampu inkakankhiramo madzi, madziwo n'kudutsa m'masiponji, n'kubwerera m'dziwe. Masiponjiwo anali oderako, oterera, onunkha matope.

"Koma amayi, nsanza zimenezi n'zoti munthu azisunga pakhomo?" ankatero a Simbi atagwira mphuno.

"Zisiyeni, bambo a ana. Litsiro limenelo ndi lamoyo. Muli tizilombo tosaoneka ndi maso timene timadya zoipa zimene nsomba zimatulutsa. Mukatipha, madzi asanduka poizoni."

"Tizilombo tochapa madzi? Ndiye ine sopo ndinkamugulira chiyani moyo wanga wonse?"

Mayiwo ankangowayang'ana n'kupitiriza kufinya masiponjiwo pang'onopang'ono m'ndowa ya madzi a m'dziwe momwemo, n'kuwabwezera akadali akuda.

Kenaka mayiwo anaterereka m'bafa n'kuthyoka fupa la m'chiuno. Atachitidwa opaleshoni, adokotala analangiza kuti asamakwere masitepe, choncho anakakhala kaye kwa mwana wawo wamkazi, kumene nyumba inali yapansi. Dziwe anawasiyira amuna awo ndi malangizo ochepa: chakudya chodzaza m'manja kamodzi m'mawa, pampu isazime, sefa asaigwire.

A Simbi anatsala okha, ndipo kusungulumwa kunawapeza msanga. Khitchini inali yopanda phokoso, wailesi inkalankhula yokha. Anayamba kumakhala pa mpando wa akazi awo m'mphepete mwa dziwe, ndipo nthawi iliyonse akasendera, nsomba zinkabwera kukamwa kuli yasa. Mtima unkawapweteka. Ankaponya chakudya m'mawa, masana n'kuponyanso, madzulo n'kuwonjezera kuti zisagone ndi njala. Inali nyengo yotentha, dzuwa likuwomba dziwe tsiku lonse. Chakudya chotsala chinkawolera pansi, ndipo ndere zinapeza podyera. Posakhalitsa madzi anabiriwira ngati msuzi wa masamba, m'makoma mukulendewera ulusi wobiriwira. Nsomba sizinkaonekanso, kupatula milomo yokha pa nthawi ya chakudya.

Atawauza akazi awo pafoni, mayiwo anaseka mpaka bala linawapweteka.

"Mwazidyetsa ngati alendo olemekezeka, eti? Musade nkhawa, sizifa ndi ndere. Kuipa kwake n'kwa m'maso chabe. Chepetsani chakudya, mukoke nsalu ya mthunzi ija pamwamba, ulusiwo muzikola ndi kamtengo. Madzi muzichotsako pang'ono, n'kuthiramo ogona m'migolo, osati otunga kumene pampopi. Lidzayera lokha."

"Lidzayera liti?"

"Likafuna. Inu dekhani."

"Ndamva, amayi."

Anamvadi, koma mawuwo analowera khutu ili n'kutulukira linalo. Tisawaweruze msanga a Simbi, chifukwa chimene chinkawavuta sichinali liuma lokha. Ankadziwa kuti akazi awo abwera akuyendera ndodo, osatha kuwerama, ndipo chimene chidzawasangalatse n'kukhala pampando n'kumaona Apongozi akusambira. Nanga adzaona chiyani m'madzi obiriwirawo? Anawasiyira dziwe labwino, iwo n'kuliwononga. Manyazi ndi chikondi zinagwirizana, ndipo zinthu ziwiri zimenezi zikagwirizana munthu samvanso za wina.

M'mawa mwake anapinda malaya. Nsomba anaziwolera m'mabeseni ndi m'bafa la pulasitiki, madzi onse n'kuwatayira m'ngalande. Analowa m'dziwemo ndi burashi yolimba ndi bulichi, n'kukwecha khoma lililonse mpaka simenti inaoneka ngati yaikidwa dzulo. Atafika pa mgolo wabuluu anaima kaye, mawu a akazi awo akuwalira m'mutu. Anatsegula chivundikiro, fungo n'kuwamenya, ndipo nkhani inathera pomwepo. Masiponji anawachapa pampopi ndi sopo, kuwatsukuluza, kuwaviika m'bulichi, mpaka anayera mbee. Atsopano amene anali m'kabati anawaika mu sefa, akalewo n'kuwayanika pachingwe ndi mapegi. Anadzaza dziwe ndi payipi yochokera pampopi, n'kubwezeramo nsomba masana omwewo.

Kunena zoona, dziwelo linakongola. Madzi anali ngati galasi, moti munthu ankaona mthunzi wa nsomba iliyonse ukuyenda pansi. Aneba awo, amene ankakonza njinga kuseri kwa mpandawo, anasuzumira n'kuwomba m'manja.

"Koma a Simbi, dziweli mwalichapa kapena mwalisita? Madzi awa munthu atha kumwa!"

A Simbi anamwetulira mpaka m'makutu. Anajambula chithunzi n'kutumizira mwana wawo kuti akaonetse amayi ake. Foni inalira nthawi yomweyo.

"Ababa, zapachingwezo ndi chiyani?"

"Nsanza za amayi ako. Ndazithandiza."

"Mayo ine! Ababa, amayi anakuuzani kuti chiyani? Madziwo mwathiramo mankhwala ochotsa kolorini?"

"Madzi amene timamwa ifewo akhale oipa kwa nsomba? Iwe mwana, ine ndinayamba kuchapa iwe usanabadwe."

"Chithunzichi sindiwaonetsa. Angadzuke pabedi n'kuthyokanso."

A Simbi anadula foni atakhumudwa, akudandaula kuti ana a masiku ano sadziwa kuyamika.

Tsiku lotsatira nsomba sizinabwere kudzadya. Chakudya chinkangoyandama, izo zitaunjikana pamene madzi amagwera kuchokera mu sefa, zikutsegula ndi kutseka pakamwa pamwamba penipeni ngati zikupempha mpweya. A Simbi anaganiza kuti n'zamanyazi chabe, sizinazolowere ukhondo. Koma m'masiku otsatira zipsepse zinayamba kuoneka mizere yofiira, ndipo zina zinkakhala pansi osagwedezeka. Kolorini wa m'madzi a pampopi anali atawotcha makha, ziwalo zimene nsomba zimapumira, ndipo zoipa zimene zinkatulutsa zinkangodzaza m'madzimo popanda chozidya. Zonsezi sizinkaoneka ndi maso. A Simbi anayang'ana madziwo, anali oyera. Anawanunkhiza, sankanunkha. Poti mankhwala amene ankawadziwa anali amodzi okha, anachotsa madzi ena n'kuthiramonso a pampopi.

Zing'onozing'ono zinayamba kufa. Ankazivuula ndi kaukonde m'mawa, n'kukazikwirira kumbuyo kwa maluwa. Akazi awo akaimba foni ankangoti, "Zilipo, amayi," n'kusintha nkhani msanga. Chakudya chinasiya kuwalowa nawonso.

Kenaka m'mawa wina anapeza Apongozi atagona chammbali pakona. Analowa m'dziwemo ndi thalauza lomwe, n'kuinyamula nsombayo m'manja awiri, kuiyendetsa uku ndi uku m'madzi ngati mmene anaonera akazi awo akuchitira ndi nsomba yodwala. Ankailankhula, kuipepesa, kuilonjeza zinthu zimene nsomba singamve. Inagwedeza mchira pang'ono, kenaka inangolemera m'manja mwawo. Mwamuna wamkuluyo anakhala pakhoma la dziwe, madzi akuchucha m'thalauza, n'kulira ngati mwana. Atatha kulira anatenga foni n'kuimbira akazi awo, ndipo sanabise kalikonse.

Mayiwo sanadikire tsiku lobwerera kunyumba limene adokotala ananena. Anafika masana omwewo pa galimoto ya mwana wawo, n'kuzungulira kuseri kwa nyumba pang'onopang'ono, ndodo mbali iyi, mwana mbali inayo. Anaima m'mphepete mwa dziwe n'kuyang'ana. Pansi ponse pankaoneka bwinobwino, ndipo n'chifukwa chake sizinavute kuona kuti zatsala zochepa bwanji.

"Apongozi mwawaika kuti?"

"Pansi pa mtengo wa mandimu," anayankha a Simbi, maso ali pansi. "Ndinawakulunga m'nsalu yoyera."

Mayiwo anakhala pampando, misozi ikutsika osaipukuta. Mwana wawo anatsegula pakamwa kuti alankhule, koma amayi ake anamuletsa ndi dzanja.

"Ndimafuna muziwaona bwino mutakhala pamenepo," anatero a Simbi. "Poti simungathe kuwerama. Ndimafuna mukabwera musangalale."

"Ndikudziwa, bambo a ana. N'chifukwa chake ndikusowa pokukalipirirani. Mukanakhala kuti munachita mwa nkhanza, bwenzi zikundipepukira."

 Kenaka mayiwo anapukuta nkhope ndi m'mphepete mwa nsalu yawo, n'kuyamba kulamula ngati kale.

"Zotsalazi tisazitaye. Iwe, thamanga kushopu ya ziweto ukagule mankhwala ochotsa kolorini. Chakudya ayi, mpaka nditanena ine. Inu abambo, tengani ndowa mupite kwa anzanga aja ogulitsa maluwa, kumapeto kwa msewu. Nawonso ali ndi dziwe, nsomba zawo n'zathanzi. Mukawapemphe siponji imodzi ya mu sefa yawo, yakuda kwambiri, ndi matope ake omwe. Muiike m'madzi a m'dziwe lawo kuti isaume. Ndipo chonde, musakaitsuke panjira."

A Simbi sanafunse funso. Anapita, napempha, ndipo ogulitsa maluwawo anawathirira m'ndowa chinthu chimene masiku onse a moyo wawo akanachitaya kudzala osachiyang'ana kawiri. Anabwerera wapansi, ndowa ikukhavukira pa malaya awo oyera. Anthu a mumsewumo, amene anali asanawaonepo a Simbi ali ndi kabanga, ankaima n'kumawayang'ana. Iwo sanapukute. Ankayenda mosamala, dzanja lina litatchinga pamwamba pa ndowa kuti dzuwa lisawotche zimene zinali m'katimo.

Atafika anapeza mankhwala athiridwa kale. Anagwada pa mgolo wabuluu, n'kulowetsa siponji yonunkhayo pakati pa zoyera zija ndi manja awo.

"Matope otsalawo nditaye?"

"Thirani momwemo."

Anathira. Pampu inakoka, ndipo mtambo woderako unatuluka m'payipi n'kuyamba kufalikira m'dziwe lonse. Pansi paja panayamba kubisika, nsomba n'kumaoneka mwa apo ndi apo. A Simbi anayang'ana ntchito yawo yonse ikuda pamaso pawo.

"Basi," anatero mayiwo chapansipansi, atawagwira paphewa. "Tsopano layamba kuchira."

Sizinachire zonse. Ina inafa mawa lake, koma zotsalazo zinatsika pamwamba paja n'kuyamba kusambira pansi, ndipo patapita masabata zinayambanso kudya. Madzi obiriwira aja, amene a Simbi ankachita nawo manyazi, sanaphe nsomba ndi imodzi yomwe. Amene anapha ndi oyera aja, oti aneba n'kuwombera m'manja, ndipo amene anawathira anali munthu wofuna zabwino zokhazokha. Diso limangoona pamwamba, ndipo akuluakulu anali ataziona kale zimenezi pamene ankati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.