Pedulo ya Kumanzere ya aNankhoma

Kalekale, msewu uwo usanalambulidwe, m'mudzi mwathu muno munali mayi wina, aNankhoma, amene anabereka agogo anga. Mayi wa liuma, liuma lenileni, longa lanuli.

Amuna awo, aYotamu, anabwera nayo njinga kuchokera ku Halale. Njinga imeneyo ndiyo inkanyamula mbiya zimene aNankhoma ankaumba kupita nazo kumsika, ndiyo inkadyetsa ana. Tsiku lina aYotamu anagwa nayo kudambo, pedulo ya kumanzere n'kupindika. Asanaikeko yatsopano imene anagula, anadwala n'kumwalira.

Maliro atatha, kunabwera alamu awo, aZakeyu.

"Alamu, njingayi ndi yakufa," anatero aZakeyu. "Mkazi angaikonze? Ndikabwera kudzameta, ndidzainyamula."

"Mukaipeza ikuyenda?"

"Ikayenda ndi manja anu, ndi yanu." Anaseka mpaka kutsokomola.

Mukuganiza kuti aNankhoma anali atagwirapo sipanala chibadwire? Ayi ndithu. Koma anaigadamitsa njinga ija pansi pa mtondo, n'kuyamba kupotokola pedulo monga timatsegulira botolo. Kupotokola, osatheka. Kuthira mafuta a nsatsi, osatheka. Kumenya sipanala ndi mwala, pedulo ili gwa! M'manja munatuluka matuza, matuza n'kuphulika. Anthu podutsa ankangoti, "Pepani mayi," n'kukasekera kuseri kwa nkhokwe.

M'mawa wa tsiku lometa, mtima unawapweteka kwambiri. Anayang'ana ana awo, anayang'ana mbiya zosagulitsidwa zili ndandanda pakhonde, misozi ili chuchuchu.

"Ngati sindiikwera ine, nayenso saikwera," anatero. "Ndiithyola!"

Anakoletsa sipanala, n'kuikankhira mbali yomangira ndi ukali wonse kuti chitsulo chiduke. Mukudziwa chimene chinachitika? Pedulo inangoti kwee, n'kuyamba kuzungulira yokha, mofewa ngati sinavutepo.

Anakhala pansi, n'kuyang'anitsitsa mazinga ake. Anali opita chobwerera! Pedulo ya kumanzere imamasuka kumene inzake imamangira. Masiku onse aja, ndi matuza onse aja, iwo ankangoimangitsa. Anaichotsa, n'kuikako yatsopano ija.

AZakeyu pofika anapeza alamu awo akuzungulira bwalo pa njinga, akugwa, akudzuka, akukweranso. Kenako anavula chipewa nati, "Tcheni chawuma, alamu. Muzichithira mafuta." Anabwerera wapansi.

Kuyambira pamenepo aNankhoma anaphunzira kumata chubu, kumanga masipoko, kusintha mabuleki, kulakwitsa n'kuyambiranso, mpaka tsitsi linayera.

Ine ndimaganiza za matuza aja. Mphamvu anali nazo, chikondi pa ana anali nacho, koma zonsezo zinkangolimbitsa vuto. N'chifukwa chake kwathu kuno njinga sitithamangira nayo kwa okonza tisanakhale nayo pansi tokha. Ndipo chinthu chikakana, kaya ndi chitsulo, kaya ndi mwana, kaya ndi mnzako wa m'nyumba, sitiwonjezera mphamvu. Timayamba tadzifunsa: kodi ine ndikumasula, kapena ndikumanga?